Apongozi Anga a Kamwendo ndi Njere ya Ubuyu

Mwezi uno chaka chakwana chimwalirire apongozi anga aamuna, a Kamwendo. Lamulungu lapitali tinapita kukazula udzu pamanda awo, ndipo pobwerera m'daladala, minibasi ya kuno, mwamuna wanga Yohane anandiuza kuti ndilembe za bambo ake. Iye anabadwira kuno ku Tandale, mu mzinda wa Dar es Salaam, ndipo Chichewa amangochimva, kulemba sangathe. Ine ndinachoka kumudzi ndili wamkulu kale, kubwera kuno kudzakwatiwa, ndipo ndinakhala nyumba imodzi ndi a Kamwendo zaka khumi ndi chimodzi.

Anali mmisiri wokonza mawotchi. Aswahili a m'dera lathu sankavutika ndi dzina lawo, ankangoti Fundi Saa. Anali munthu wamfupi, wowonda, ndipo diso lawo lakumanja linkaoneka laling'ono kusiyana ndi linzake chifukwa cha kagalasi kokuzira zinthu kamene ankapanikiza pamenepo tsiku lonse. Kutentha kwa Dar es Salaam sikunawavulitse batani ngakhale limodzi. Malaya oyera, ositidwa bwino, omangidwa mpaka pakhosi, ndiwo anali mavalidwe awo kuyambira Lolemba mpaka Loweruka. Asanagwire wotchi ya munthu ankayamba asamba m'manja, ngakhale itakhala wotchi yapulasitiki ya mwana wasukulu.

Anachoka ku Ntcheu asanamere ndevu, kutsatira amalume awo amene ankagwira ntchito yophika m'tauni muno. Luso la mawotchi analiphunzira kwa Mmwenye wina amene ankamusesera m'sitolo. Za kumudzi sankazikamba kawirikawiri. Tikawafunsa ngati sakufuna kukaona kwawo, ankayankha kuti onse amene akanawazindikira anagona kale, ndipo iwo safuna kukaonetsedwa njira ya kumanda ndi ana osadziwa dzina lawo.

Kwa zaka zambiri kabati yawo yagalasi inkakhala pafupi ndi msika wa Tandale. Mafoni atachuluka, anthu anasiya kuvala mawotchi, ndipo iwo anasamutsira kabatiyo pakhonde la nyumba yathu. Foni ankadana nayo mosabisa. Ankati munthu akatulutsa foni kuti aone nthawi, amaona zina zonse, n'kuibweza m'thumba nthawiyo asanaione. Yohane anawagulira imodzi, koma inkagona m'dirowa pamodzi ndi malamba akale a mawotchi.

Sindinganene kuti anali munthu wofewa. Yohane sanamvepo mawu oyamikira kuchokera pakamwa pawo. Atapeza ntchito yolandira katundu pa siteshoni ya mabasi ku Mbezi, bambo ake anangofunsa ngati amafika pa nthawi yake. Ana a m'dera lathu ankawaopa. Mwana akangoyandikira kabati ija, ankamukalipira mpaka kulira, ndipo amayi ena ankadandaula kuti nkhalamba ya ku Malawi ija ilibe mtima. Mabatire akutha, tija tozungulira ngati mabatani, sankawataya pansi kapena m'dzala. Ankawaika m'kachitini kotseka zolimba, kachitiniko n'kukakweza pamwamba pa chitseko.

Mkangano wawo waukulu unali ndi mdzukulu wawo, mwana wathu Tamanda. Atayamba kulankhula, ankawaitana kuti Babu, monga ana onse a kuno amaitanira agogo awo aamuna. Iwo ankakhala ngati sanamve. Mwanayo ankabwereza, n'kuwakoka thalauzi, iwo ali phee, mpaka atanena kuti Agogo. Analumbira kuti Chiswahili ndi cha makasitomala, ndipo magazi awo sadzawalankhula m'chinenero chimenecho.

Ine ndi iwo tinkasunga ulemu wa chipongozi monga kumudzi. Sitinkayang'anana m'maso. Akafuna kundiuza kanthu, ankalankhula ndi khoma kapena ndi khanda, ine ndili pompo: "Awuzeni amake Tamanda kuti sopo watha." Inenso ndinkayankha nditayang'ana pansi. Anansi ankatiseka, koma ife tinkaona kuti zili bwino.

Tsiku limene sindidzaiwala linali Loweruka, cha m'ma teni koloko m'mawa. Tamanda anali ndi zaka zitatu. Ndinali kuchapa kuseri kwa nyumba pamene anabwera n'kuima pambali panga, chala chili pamphuno. Nditachotsa chalacho ndinaona zofiira zikuyenderera kuchokera m'mphuno yakumanzere mpaka pamlomo.

"Mama, imeingia," anatero, kutanthauza kuti chalowa.

Ndinakuwa. Sindikumbuka zimene ndinanena, koma mkuwewo unabweretsa Mama Zuhura, mnansi wathu wogulitsa vitumbua, manja ali mbuu ndi ufa, ndipo pambuyo pake panabwera amayi ena atatu. Aliyense anali ndi nzeru yake. Wina anati timugoneke chagada tithiremo mafuta a nazi. Mama Zuhura anati titenge ugoro, fodya uja wa m'mphuno, kuti mwana ayetsemule. Ine ndinali nditasolola kale kapini ka m'tsitsi, ndagwira mwana chibwano, ndipo nsonga ya kapiniko inali itafika pakhomo pa mphuno.

"Amake Tamanda, ikani pansi chimenecho."

A Kamwendo sanakweze mawu. Koma kanali koyamba chikwatiwire changa kuti alankhule ndi ine mwachindunji, ndipo dzanja langa linangoima lokha. Nditatembenuka ndinapeza akundiyang'ana m'maso.

Anabwera pang'onopang'ono, n'kugwada pasimenti ponyowa ndi thovu la sopo, ndi thalauzi lawo losita lija. Anayamba amvetsera kapumidwe ka mwana. Tamanda ankapuma bwino kudzera pakamwa, sankatsokomola. Kenako ndinamva chinthu chimene sindinkayembekeza.

"Umeweka nini puani, mama?" anamufunsa m'Chiswahili chofewa. Ankafuna kudziwa chimene waika m'mphunomo, ndipo sanafune kuti mwanayo aphonye liwu ngakhale limodzi. Anamufunsanso ngati watenga kanthu pa kabati yawo.

Tamanda anapukusa mutu, n'kutambasula dzanja lina limene anali atafumbata. Munali kapepala ka ubuyu, njere zija za malambe zokutidwa ndi shuga wofiira zimene ana a kuno amakonda kumung'unya. A Kamwendo anakhudza zofiira zija ndi chala, n'kununkhiza.

"Si magazi awa," anandiuza. "Ndi utoto wa ubuyu. Mtima ukhale m'malo."

Anatulutsa kagalasi kawo ndi katochi, n'kukweza nsonga ya mphuno ya mwanayo ndi chala chachikulu. Anati njereyo akuiona, yakhala chopingasa, ndipo sinapite patali.

"Basi Fundi, toa tu!" anatero Mama Zuhura, kuwauza kuti angoichotsa. Anawakumbutsa kuti ali ndi kibano, kachitsulo kaja kosongoka kopanira zinthu, kamene amatolera tizitsulo tochepa kuposa mchenga. Amayi enawo anavomereza. Inenso ndinawapempha ndikulira: "Bambo, chonde, ingoichotsani. Inu manja anu ndi ozolowera."

"Wotchi sigwedeza mutu," anayankha. "Mwana amagwedeza. Njereyi ndi yoterera. Ndikaiphonya kamodzi, ndaikankhira kumene sitingaionenso."

Mama Zuhura anaomba m'manja monyansidwa, n'kunena kuti ukalamba wawalowetsa mantha. Nthawi yomweyo foni yanga inalira. Winawake anali atamuimbira kale Yohane ku Mbezi, ndipo ankakuwa moti aliyense ankamva, kufunsa chifukwa chimene tangoimira osachita kanthu. A Kamwendo anatambasula dzanja, ndinawapatsa foniyo. Anamuuza mwana wawo kuti adikire, anaizimitsa, n'kuiponya m'thumba la malaya.

Anatuma mmodzi wa amayi aja kuti akaitane bajaji, kagalimoto kahayala ka matayala atatu, idikire panja. Kenako anatiuza zochita. Mama Zuhura akhale pampando, amukhazike Tamanda pamiyendo mowongoka, amukulunge manja ndi khanga. Ine ndigwade kutsogolo kwake.

"Muuzeni kuti mukufuna kumupsompsona, ayasamule," anatero. "Ndi chala chimodzi mutseke mphuno yabwinoyo, yakumanja. Pakamwa panu pakute pakamwa pake ponse, pasatsale mpata. Ndiye muuzire kamodzi, mwachidule koma mwamphamvu, ngati mukuzimitsa kandulo. Mpweyawo ukasowa kotulukira, ukankha njereyo kuchokera kumbuyo."

"Bwanji osachita inuyo, Bambo?"

"Mwana amayasamulira mayi wake. Tiyesa katatu. Ikakana, palibe kukakamiza, tikwera bajaji."

Ulendo woyamba ndinauzira ndikusisima, mpweya wake wosakwana n'kugwedeza nthenga. Palibe chinachitika. Ulendo wachiwiri Tamanda anapotoza mutu, mpweya unathawira pambali, ndipo anayamba kulira mokuwa. Mama Zuhura anayambanso za ugoro.

"Zuhura, nyamaza," anatero a Kamwendo, kumuuza kuti atonthole. Kenako anatembenukira kwa ine. "Pumani kaye. Mwana akuwerenga nkhope yanu. Pukutani misozi."

Anavula wotchi yawo yapamkono, imene mwana aliyense sankaloledwa kuikhudza, n'kuiika pakhutu la Tamanda. Anamufunsa ngati akumva kanthu kakuyenda m'katimo. Mwanayo anasiya kulira kuti amvetsere. Atatero, a Kamwendo anandigwedezera mutu.

Ndinatseka mphuno yakumanja, ndinakuta pakamwa pake, ndinauzira ndi mphamvu zanga zonse. Ndinamva kaphokoso ngati kutsegula botolo. Njere ija inatuluka ngati yoponyedwa ndi legeni, n'kukamenya pachifuwa pa a Kamwendo, kusiya banga lofiira pa malaya oyera aja. Amayi aja anaimba nthungululu. Tamanda anayetsemula kawiri, n'kupempha ubuyu wake.

A Kamwendo sanaseke. Anaunikanso m'mphuno zonse ziwiri, ndi m'makutu momwe, chifukwa ankati mwana amene wapeza bowo limodzi amayesanso ena. Anandiuza kuti ndikaona magazi, kapena mamina onunkha otuluka mbali imodzi m'masiku otsatira, ndisadikire, ndipite naye kuchipatala. Atamaliza sanadzuke. Anakhala pansi pasimenti ponyowa paja, ndipo ndinaona misozi ikutsika m'masaya. Mama Zuhura atawafunsa, anati ndi kagalasi kaja kawatopetsa diso.

Patapita ola limodzi ndinawamva ali pakhonde, akulankhula ndi khoma monga mwa masiku onse: "Awuzeni amake Tamanda kuti tiyi wachedwa."

Tanthauzo la misozi ija ndinalidziwa iwo atamwalira. Pa tsiku lachiwiri la maliro ndinali kusankha mpunga ndi alamu anga a Esnati, mwana wawo woyamba, amene amakhala ku Kijitonyama. Nditawafotokozera za ubuyu uja, anasiya lichero n'kundiyang'ana.

"Ndiye kuti sanakuuzenipo za ine?" anafunsa.

Anati ali ndi zaka zinayi analowetsa njere ya chimanga m'mphuno. Nthawi imeneyo bambo awo anali pachimake pa luso lawo, ndipo ankanyadira manja awo kwambiri. Anatenga kibano, n'kuuza mkazi wawo kuti iyi ndi ntchito ya mphindi imodzi. Mwana anadzidzimuka, chitsulo chinabaya m'kati, magazi anatuluka, ndipo njere inalowa osaonekanso. Chifukwa cha manyazi, a Kamwendo anaumirira kuti yatsikira kukhosi ndipo mwana waimeza. Anakhala naye pakhomo masiku atatu. Njereyo inafufuma, nkhope ya mwana inatupa mbali imodzi, thupi linatentha, ndipo fungo linadzaza m'chipinda. Kuchipatala anachita kumugoneka tulo ndi mankhwala kuti aichotse. Namwino wina wachikulire anawakalipira pamaso pa anthu onse, koma atamaliza anawakhazika pansi n'kuwaphunzitsa njira ija youzira pakamwa, ndi nthawi imene munthu sayenera kuyesa n'komwe.

"Amayi anakhala sabata yathunthu osawalankhula," anatero a Esnati. "Ndipo iwo, kuyambira pamenepo, ndikangodwala chimfine ankabwera ndi katochi kawo. Mpaka ndinakwatiwa akundiunikabe m'mphuno."

Tinaseka, kenako tonse tinalira, mpunga uli pamiyendo.

Nkhani ya Tamanda itamveka m'dera lathu, amayi anayamba kubwera ndi ana awo kwa Fundi Saa. Wina mkanda, wina nyemba, wina kachidutswa ka siponji. Iwo sankagwira mwana wa munthu. Ankaunika, kufunsa mafunso, n'kulangiza mayi wake zochita. Ena ankawatumiza kuchipatala osayesa chilichonse, makamaka ngati chinthucho sichikuoneka, ngati ndi chakuthwa, kapena ngati chakhalitsa mpaka kuyamba kununkha.

Izi zinawabweretsera mkangano wina. Tsiku lina masana kunabwera Rashidi, woyendetsa bodaboda, njinga yamoto yonyamula anthu, wa mumsewu wathu, atanyamula mwana wake. Anati walowetsa kanthu kozungulira, konyezimira, kochokera m'kagalimoto kachidole koyaka magetsi. A Kamwendo atangomva choncho anadzuka, nkhope itasintha.

"Limenelo ndi batire," anamuuza. "Usathiremo madzi, usauzire, usadikire. Kwera njinga yako, thamanga kuchipatala tsopano lino. Limawotcha mnofu."

Rashidi anakwiya. Anati mdzukulu wawo anamuthandiza pompo, koma mwana wa mnzawo akumukankhira kukaima pamzere. A Kamwendo sanadziteteze. Anamugwira mkono n'kumukokera pa njinga yake, akumukalipira ngati mwana wawo. Rashidi anapita akutukwana. Madokotala anachotsa batirelo madzulo omwewo, ndipo anapeza litayamba kale kudya m'kati mwa mphuno. Mwanayo anachira. Rashidi sanabwere kudzapepesa, ndipo kwa miyezi ingapo ankadutsa pakhomo pathu osapereka moni. Kenako tsiku lina anatulukira ndi wotchi yapakhoma, akuti ikuchedwa. A Kamwendo anaitsegula, anaiyang'ana nthawi yaitali, n'kumuuza kuti abwere mawa. Madzulo ake ndinawamva akuuza khoma kuti wotchiyo ilibe vuto lililonse. Pa maliro awo, Rashidi anali mmodzi wa onyamula bokosi.

Chodabwitsa n'chakuti munthu amene ankathamangitsira ana a eni kuchipatala, iye mwini ankakana kupitako. Miyendo itayamba kutupa, ankati ndi kukhalitsa pampando. Mpweya utayamba kuwathera, ankati ndi fumbi la mumsewu. Yohane anakangana nawo kangapo, mpaka tsiku lina anachita kuwanyamula. Madokotala anati mtima watopa, ndipo tachedwa. Anabwerera kunyumba n'kukhala miyezi iwiri, akukonzabe mawotchi pang'onopang'ono, ngakhale kuti kibano chinkawagwa m'manja.

Sabata yawo yomaliza ndinkawamwetsa phala ndi supuni. Za kuyang'ana pansi tinali titazisiya, poti munthu sungamwetse wodwala utayang'ana kumbali. Tsiku lina m'mawa anandigwira dzanja n'kunena kuti ndawasunga bwino, ndipo ndikamuuze Yohane kuti ntchito yake amaigwira bwino. Ndinawafunsa chifukwa chimene sakumuuzira okha. Anati iye sangakhulupirire zikachokera kwa iwo. Anamwalira patapita masiku awiri, mvula ikugwa, ana ali kusukulu.

Kabati ija a Esnati anaitenga kupita nayo ku Kijitonyama. Pakona ya khonde pamene inkaima patsala madontho anayi oyera pasimenti, pamene panali miyendo yake, ndi kamzere kakuda pakhoma, pamene mpando unkatsamira. Dzuwa lamadzulo tsopano limafika mpaka pachitseko, poti palibenso cholitchinga. Yohane ananena kuti aikapo thanki ya madzi, anayeza ndi chingwe, koma thankiyo mpaka lero ili kuseri. Ana a anansi amasewera pakhondepo momasuka, koma ndaona kuti mpira ukagubuduzikira pakona ija amakankhana kuti akautole ndani.

Lachinayi lapitali ndikusesa, panafika bambo wina wachikulire wovala kanzu, mkanjo wautali wa amuna, amene sindinamuonepo. Anati wachokera ku Mbezi, wakwera madaladala awiri. Anatulutsa wotchi yokulungidwa m'kampango, n'kufunsa ngati Fundi alipo. Ndinamuuza kuti anatisiya chaka chatha. Anayang'ana pakona paja kwa nthawi yaitali, kenako anafunsa ngati angakhale pansi pang'ono. Ndinamubweretsera mpando ndi madzi akumwa. Mpandowo anaukoka n'kuuika moyang'anizana ndi madontho anayi aja, mbali imene makasitomala ankakhala. Anamwa madzi ake, anakulunganso wotchi ija, n'kutsazika.